Kodi Mawa la Wojambula Limafika Liti?

Pali funso limodzi limene limamveka m'nyumba zambiri za ku Mandevu mu Lusaka pakatha masabata angapo chichitikire ukwati, pamene mipando yobwereka idabwezedwa kale kwa eni ake, miphika ikuluikulu idakwechedwa ndi kusungidwa, ndipo abale amene adachokera ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke adakwera kale mabasi kubwerera kumudzi, funsolo ndi lakuti, "Kodi zithunzi zija zatuluka?" Amafunsa mayi wake wa mkwatibwi, amafunsa apongozi pafoni, amafunsanso anamwali amene adavina pamzere atavala nsalu zofanana, ndipo mkwati, popeza ndiye adapangana ndi wojambula, amabweza yankho lomwelo limene iyenso adapatsidwa: "Akuti mawa." Koma mawa limenelo likafika limabala mawa linzake, linzakelo n'kubalanso lina, kufikira tsiku lina anthu aona kuti mkwatibwi uja wayamba kuvala malaya otaya, zithunzi za ukwati wake zisanaoneke. Nkhaniyi timaiseka pabawo ndi pampopi, koma ili yoyenera kuilingalira mofatsa, pakuti m'menemo muli olakwa ndi olakwiridwa kumbali zonse ziwiri, ndipo woweruza atamva mbali imodzi yokha amapotoza mlandu.

Mandevu ndi mudzi wa amisiri kuyambira kale. Dzina lomwelo, monga akulu amafotokozera, lidachokera ku ndevu zazitali za amuna a mpingo wa Apositoli ochokera ku Zimbabwe, amene adamanga kuno ndi ku Marrapodi nadziwika ndi luso la kusula ndowa, kuluka madengu ndi kupala matabwa. Choncho munthu wa kuno sasowa womuphunzitsa kudikira mmisiri, pakuti adadikirapo chitseko kwa kalipentala, diresi kwa telala ndi geti kwa wowotcherera zitsulo. Komatu ntchito ya wojambula ili ndi pake posiyana ndi zonsezi. Kalipentala akaononga thabwa, thabwa lina ligulidwa. Telala akadula nsalu molakwa, ku Kamwala nsalu sizidathe. Koma tsiku la ukwati ndi limodzi, dzuwa lake likalowa lalowa, ndipo palibe mfumu kapena mbusa amene angathe kuitananso khamu lija kuti liimenso pakhomo la tchalitchi monga lidaimira. Wojambula akamapachika chikwama chake paphewa usiku wa madyerero, amapita ndi tsiku lonselo m'kakhadi kochepa ngati chikhadabo; ndiye kuti iye sali mmisiri chabe ayi, koma msungi wa chuma cha eni ake, chimene chikatayika sichigulidwa pamsika uliwonse. N'chifukwa chake kuchedwa kwake kumawawa koposa kuchedwa kwa amisiri ena: wodikira chitseko amangotopa, koma wodikira zithunzi amagona ndi mantha.

Amene adakwatira m'zaka za filimu amakumbukira kudikira kwa mtundu wina. Masiku amenewo kamera inkadya filimu ya zithunzi 24 kapena 36, ndipo popeza filimuyo inali yogula, wojambula sankadina mwachisawawa: ankayamba wafoletsa anthu, kuwongola tayi ya mkwati, kuuza ana kuti asaphethire, kenaka n'kutola kamodzi. Amisiri a m'makomboni, monga Alick Phiri amene adali ndi situdiyo yake ya Kwacha ku Kanyama, adakulira pa ntchito ya kutsuka zithunzi zakuda ndi zoyera m'kachipinda kamdima, pakuwala kwa nyale yofiira, kuviika pepala m'mbale za mankhwala kufikira nkhope zitatulukira pang'onopang'ono ngati munthu wochokera m'nkhungu, n'kuziyanika pachingwe monga zovala. Zithunzi zamitundu zitafala, filimu inkapita ku makina a m'tauni, ndipo wojambula ankangodikira envulopu yake monga wina aliyense. Zodandaula zinalipo ndithu, amene adajambulitsa kwa ojambula oyendayenda sadaiwale mawu aja akuti "filimu siinathe," kapena oopsa aja akuti "filimu idapsa." Komabe ukwati wonse unkakwanira m'mafilimu awiri kapena atatu, ndipo ngati tsoka silidagwe, sabata imodzi kapena ziwiri zinkakwana kuti banja likhale pamphasa n'kumapatsirana zithunzi m'manja.

Tsono chodabwitsa n'chakuti makina atafulumira, kudikira kudatalika. Kamera yosafuna filimu idapangidwa koyamba ndi Steven Sasson, injiniya wa kampani ya Kodak, m'chaka cha 1975, ndipo patapita zaka makumi angapo idalanda msika wa filimu, mwakuti Kodak yomweyo idalengeza mu 2012 kuti yalephera kubweza ngongole zake. Lero wojambula akadina, chithunzi chimaoneka nthawi yomweyo kumbuyo kwa kamera, ndipo mkwatibwi amatha kusuzumira n'kudziona; ndiye akamadikira miyezi iwiri amafunsa, ndipo safunsa mopusa, kuti, "Chinthu chimene ndidachiona ndi maso anga tsiku lomwelo, chikuchedwa kuti?" Yankho lake lili pawiri. Poyamba, kudula kwa filimu ndiko kunkamanga dzanja la wojambula, ndipo chingwe chimenecho chitaduka, iye amene ankatola zithunzi 100 tsopano amatola zikwi. Kachiwiri, ntchito imene kale inkagwiridwa ndi makina a m'tauni, ya kulinganiza kuwala ndi mitundu, idasamukira patebulo la wojambula mwini, kotero kuti munthu mmodzi ndiye wotola, ndiye wosankha, ndiye wotsuka, ndiyenso wamtengatenga.

Tiyeni tilowe m'chipinda chake tione chimene amachita. Ojambula odziwa ntchito amatola zithunzi mwa mtundu umene amautcha RAW, ndiko kunena kuti zaziwisi, ndipo zili monga mphale imene siinapite kuchigayo: chakudya chilimo, koma sungaiike patsogolo pa mlendo. Choyamba amazikopera mu kompyuta, ndipo wanzeru amazikoperanso pena pachiwiri. Kenaka amayamba kupeta: ichi mkwati adatsinzina, ichi mwana adadutsa kutsogolo, ichi abusa adatembenuka, izi zisanu n'zofanana ndipo pafunika chimodzi. Zotsalazo amazikonza chimodzichimodzi m'mapulogalamu monga Lightroom ndi Photoshop, ndipo apa ndi pamene pali thukuta, pakuti ukwati wathu ndi mayeso ovuta kwa kamera: diresi loyera ngati thonje laima pambali pa suti yakuda, nkhope zathu zakuda zili pakati, m'tchalitchi muli kamdima, panja dzuwa la mu Okutobala lili paliwombo, ndipo madzulo muholo nyale zofiira ndi zobiriwira zikuthwanima pamphumi pa anthu. Akaonetsa bwino nkhope, diresi limasanduka mtambo wopanda maluwa ake. Akasunga diresi, nkhope imamira mumdima. Kuyanjanitsa ziwirizi ndi luso, ndipo luso limadya nthawi. Tingowerengera mwachitsanzo: munthu amene watola zithunzi 2,000, akamayang'ana chilichonse masekondi asanu okha, watha pafupifupi maola atatu asanakonze n'chimodzi chomwe, akasankhapo 400 n'kupatsa chilichonse mphindi zitatu, ndiwo maola 20. Vidiyo ndiyo imaposa pamenepa, ndipo alubamu imafuna kusanja masamba, kupita nawo kosindikiza m'tauni ndi kudikira omanga.

Maola 20 kapena 30 si miyezi itatu, atero wina, ndipo anena zoona. Koma ukwati wa mu Lusaka si wa tsiku limodzi, ndipo wojambula alibe ukwati umodzi. Mwambo wa chilanga mulilo, umene udachokera kwa Abemba koma tsopano uli wa mitundu yonse ya mumzinda, uli ndi zithunzi zake, pamene akuchikazi amasenza mbale zokutidwa ndi zitenje kupita nazo kwa mkamwini ng'oma zikulira. Kitchen party ili ndi zake, pamene alangizi ndi amayi a mumpingo amasonkhana kupereka mphatso ndi malangizo. Ndiye kudza tchalitchi, kudza kumunda wa maluwa kumene akwati amakajambulitsa, kudza madyerero. Kuwonjezera apo, maukwati amaunjikana nyengo imodzi, m'miyezi yopanda mvula, pamene misewu ya m'komboni ilibe matope ndipo a kumudzi akolola, makamaka Loweruka la kumapeto kwa mwezi anthu atalandira. Wojambula amene watola ukwati Loweruka lino, Loweruka lotsatira ali pa wina, pakati pa sabata ali pa mwambo wa omaliza maphunziro kapena pantchito ina imene imamudyetsa. Ndiye zithunzi zimandandalikana monga matumba pachigayo, ndipo wofika mu Seputembala amapeza matumba a mu Julayi akadali pamzere.

Palinso chochedwetsa china chimene wojambula wa ku London sachidziwa, koma wa ku Mandevu amagona nacho n'kudzuka nacho, ndicho kuzima kwa magetsi. Mphamvu yambiri ya dziko la Zambia imachokera kumadzi, ku Kariba ndi ku Kafue, ndipo mvula ikaperewera, monga zidachitikira mu 2015, mu 2019 ndiponso koposa mu 2024, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza mu Febuluwale kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, magetsi amagawidwa ngati ndiwo zochepa panyumba ya ana ambiri. Chakumapeto kwa chaka chimenecho madera ambiri ankaona magetsi maola atatu okha patsiku, kawirikawiri usiku anthu ali m'tulo. Wometa, wowotcherera ndi wojambula onse adalira maliro amodzi. Ntchito ya maola 20, ukaigawa m'timaola titatu, yatha sabata yathunthu pa ukwati umodzi, ndipo sola kapena jenereta si aliyense angaikwanitse. Tinene chilungamo, komabe, kuti magetsi asanduka chitsamba chobisalamo aulesi. Pakuti alipo ena amene amawanamizira ngakhale m'chaka cha mvula yambiri, foni yawo ili yodzaza moto tsiku lonse.

Koma muzu waukulu wa mikangano yambiri ndi ndalama, ndipo apa eni ukwati ayenera kudzifunsa asanaloze chala. Komiti ya ukwati ikakhala pansi, imayamba ndi holo, chakudya, keke, galimoto ndi woimbitsa nyimbo, pakuti amenewa akapanda kulipidwa manyazi amaoneka tsiku lomwelo pamaso pa alendo, wojambula amapatsidwa dipoziti, n'kuuzidwa kuti yotsalayo adzalandira "zikatha izi." Zikathadi, malonjezo a abale amene adalembetsa m'buku la komiti amauluka ngati mankhusu, banja latsopano limayamba ndi ngongole ndi lendi, ndipo wojambula, podziwa kuti akangopereka zithunzi sadzaonanso nkhope ya womulipira, amazigwira ngati chikole. Pamenepo mkwati amauza abale kuti wojambula akuchedwa, wojambula amauza anzake kuti mkwati sadamalize kulipira, ndipo aliyense wa awiriwa akunena theka la zoona. Kumbali inayo, alipo ojambula amene amadya dipoziti isanagwire ntchito yake, kotero kuti posindikiza alubamu ya banja ili amadikira dipoziti ya banja lotsatira, kukumba dzenje lina pofuna kukwirira linzake. Ndipo nyengo ya maukwati ikatha, womaliza pamzere ndiye amagweramo.

Zolakwa za wojambula mwini sitizibisa. Pali umbombo wolandira maukwati awiri tsiku limodzi, n'kutumiza mnyamata wophunzira kumene ku umodzi, osakumbukira kuti mapanga awiri avumbwitsa. Pali kusasamala kwa munthu amene ali ndi khadi limodzi lokha, nalifufuta Loweruka m'mawa kuti atolere ukwati watsopano, poganiza kuti zakale zija adazikopera, pamene sadatero. Pali laputopu yobedwa mu minibasi, kapena yofa mwadzidzidzi, zithunzi za mabanja khumi zili m'mimba mwake popanda pena posungira. Pali ulesi wamba, umene makolo adauchenjeza ndi mwambi wa zengerezu amene adalinda kwawukwawu. Koma choipa koposa zonsezi ndi kukhala chete. Munthu amapirira kudikira akauzidwa chifukwa ndi tsiku. Chimene sapirira ndi foni yolira osayankhidwa, uthenga wa pa WhatsApp woonetsa kuti wawerengedwa koma wosabwezedwa, ndi kuona pa Facebook wojambula yemweyo akuonetsa zithunzi za ukwati wa dzulo, zake za miyezi inayi zikadali mumdima. Pamenepo mtima umayamba kunong'ona kuti kapena zidatayika, ndipo nthawi zina umanong'ona zoona, wojambula akungokankha tsiku la kuulula.

Wina adzati: nanga aja amatipeza pageti la holo, bwanji iwo amafulumira? Zoonadi, pamaukwati ambiri pamabwera ojambula osaitanidwa, amene amatola alendo akutsika m'galimoto, n'kuthamangira kosindikiza, ndipo keke isanadulidwe abwerako, ayala zithunzi pansi kapena pachipupa kuti aliyense adzipeze yekha n'kugula chake. Alendonso ali ndi mafoni, ndipo dzuwa lisanalowe zithunzi zafika kale ku Chipata ndi ku Johannesburg. Zimenezi zili ndi ubwino wake, ndipo zimaziziritsa mtima; koma ndi chimanga chowotcha cha m'mbali mwa msewu, chimene chimapha njala ya panjira, si nsima ya mlendo wolemekezeka ayi. Wa pageti sasankha, sakonza, ndipo sasenza mlandu wa tsiku lonse. Chithunzi chake chikaipa, mwini nkhope amangochisiya pansi n'kupitirira. Amene akufuna chithunzi chodzapachika pakhoma zaka makumi anayi ayenera kukumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga nthawi yoyenera ndi iti? M'maiko ambiri amisiri a ntchitoyi amalonjeza masabata anayi kufikira asanu ndi atatu, ndipo m'nyengo yothithikana amafika miyezi itatu. Ndipo ine, poyesa ntchito imene tafotokozayi pamodzi ndi zovuta za kwathu kuno, ndiona kuti muyeso umenewu ukhoza kutikwananso. Zithunzi zochepa zosankhika, khumi kapena makumi awiri, ziyenera kufika m'sabata yoyamba, pamene chimwemwe chikadali chotentha, kuti akwati athokoze nazo abale ndiponso adziwe kuti chuma chawo chili moyo. Zonse zokonzedwa zifike pasanathe miyezi iwiri. Alubamu ndi vidiyo zipatsidwe mwezi wina wachitatu. Wolonjeza zonse m'masiku atatu, muchenjere naye, pakuti kapena sadzazikonza kapena sadzasunga mawu ake. Koma miyezi itatu ikadutsa, ndalama zitalipidwa, popanda chifukwa chomveka, kumeneko sikulinso kudekha kwa mmisiri koma kusunga cha mwini popanda chilolezo.

Mankhwala a nthenda imeneyi tili nawo kale m'mwambo wathu, kungoti sitiwakumbukira pamalo pano. Ife sitimanga ukwati popanda ankhoswe, chifukwa makolo adadziwa kuti mawu onenedwa pa awiri amasungunuka, koma onenedwa pamaso pa mboni amakhala; nanga bwanji pangano la zithunzi za ukwati womwewo timalipanga pafoni, mothamanga, popanda womva wachitatu? Mkwati ndi wojambula akhale pansi, pakhalenso mmodzi wa akomiti, ndipo alembe papepala zinthu zowerengeka: miyambo ingati idzajambulidwa, zithunzi zingati zidzaperekedwa, zingati zosindikiza ndi zingati za pa fulashi, ndalama yotsala idzaperekedwa liti, ndipo koposa zonse tsiku, lotchulidwa ndi deti lake ndi mwezi wake. Ndalama ya wojambula ipatulidwe ukwati usanachitike, isungidwe ndi msungichuma wa komiti, kuti dzanja lina likamapereka zithunzi, lina lizipereka malipiro. Ndipo kulipira kudzera pafoni n'kwabwino, popeza uthenga wake umatsala ngati lisiti. Musachite manyazi kumufunsa mmisiriyo ngati amasunga zithunzi pawiri, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Zikavuta ndithu, dziko lili ndi pothawira: bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, loima pa lamulo la 2010, limamva madandaulo a ogula, ndipo khoti la milandu ing'onoing'ono limaweruza za ndalama popanda maloya. Koma khoti lingathe kubwezetsa Kwacha. Kubwezetsa tsiku silingathe.

Tisatseke nkhaniyi tisanakumbuke kuti nthawi zina chodikira si munthu koma chithunzi. Sana Ginwalla, mwana wa mu Lusaka, adapeza mu situdiyo yakale ya Fine Art Studios mulu wa zithunzi zimene eni ake adajambulitsa koma sadabwerenso kudzatenga, ndipo pa zimenezo adayambitsa nkhokwe ya zithunzi yotchedwa Zambia Belonging. Nkhope zimenezo zidakhala m'fumbi zaka zambiri kudikira eni ake, wojambula atagwira ntchito yake yonse. Masiku ano nthenda yomweyo ikadali nafe: banja limene lidakalipira wojambula chifukwa cha kuchedwa, likalandira fulashi limaiponya mu dilowa, zithunzi zochepa n'kuziika pafoni, ndipo foniyo ikabedwa m'tauni kapena kugwera m'ndowa, chikumbutso chonse chapita. Pepala ndi lopirira kuposa foni. Alubamu ya agogo athu ikadalipo m'sutikesi, pamene mafoni athu a zaka zisanu zapitazo sitidziwa kumene ali.

Pa chithunzi cha banja lonse, chimene chimatoledwa pakhomo la tchalitchi, pamakhala gogo wina amene adakhala m'basi tsiku lathunthu kuchokera ku Katete, nsapato zikumufinya, kuti adzaone mdzukulu wake akulowa m'banja. Iye sadziwa za RAW kapena za madzi a ku Kariba, adangoti pokwera basi yobwerera, "Mudzanditumizireko changa, ndikaonetse anzanga kumudzi." Achinyamata angathe kudikira chaka, koma masiku a nkhalamba ali owerengeka, ndipo si kamodzi kokha pamene chithunzi cha paukwati chafika mochedwa n'kukagwira ntchito papepala la maliro. Wojambula amene akumbukira gogo ameneyu sadzanena "mawa" mopepuka, ndipo mkwati amene amukumbukira sadzagona ndi ndalama ya mmisiri. Chotero popangana, mmodzi anene kuti, "Akulu, pa 15 Novembala zithunzi zanu zidzakhala m'manja mwanu," winayo ayankhe kuti, "Achimwene, tsiku lomwelo yanu yotsala mudzaiwerenga nokha," wa komiti alembe. Ndipo basi ya ku Katete isananyamuke sabata yotsatira, envulopu ya gogo ikhale ili m'manja mwa kondakitala.